Chiseyeye ndi mtima: magazi a pa mswachi akukuuzani chiyani?

Mukatsuka mano m'mawa n'kulavula thovu lofiirira, mumati vuto n'chiyani? Ena amati mswachi ndi wolimba kwambiri, ena amati ndi chiseyeye chabe, chidzatha chokha. Mano akayamba kugwedera, timangoti ndi ukalamba. Komatu nkhama zamoyo sizituluka magazi, ngakhale kwa agogo. Magaziwo ndi chizindikiro cha matenda, ndipo kwa zaka zoposa 30 tsopano madokotala akhala akufufuza ngati matenda a nkhamawa amakhudzanso mtima.

Nkhaniyi yafika pamwamba m'zaka zaposachedwa. Mu 2021 mayiko a m'bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO adagwirizana kuti umoyo wa m'kamwa uziikidwa m'gulu limodzi ndi matenda osapatsirana monga kuthamanga kwa magazi, shuga ndi matenda a mtima. Mu April 2022 Unduna wa Zaumoyo kuno kwathu udakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino yokhudza umoyo wa m'kamwa. Mu November chaka chomwecho WHO idatulutsa lipoti lonena kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo pafupifupi 1 biliyoni ali ndi matenda aakulu a nkhama.

Inu makolo ndi mavolontiya a zaumoyo a ku Nkopola, Makawa, Koche, Mpondasi ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, mukuyenera kudziwa zomwe zatsimikizika, zomwe zikadali kufufuzidwa, ndi zomwe mungachite pakhomo panu osadikira wina.

Chiseyeye chimayamba bwanji?

M'kamwa mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo ta bakiteriya ta mitundu mazanamazana. Tizilomboti timasakanikirana ndi malovu komanso zotsalira za chakudya n'kupanga litsiro loterera, lotuwa, lomwe limamata pamalire a dzino ndi nkhama. Mukakanda dzino ndi chikhadabo m'mawa musanatsuke m'kamwa, mudzaliona.

Litsiroli likakhala masiku osachotsedwa, thupi limayamba kulimbana nalo. Nkhama zimafiira, zimatupa, ndipo zimatuluka magazi mukatsuka mano kapena mukaluma chinthu cholimba monga nzimbe kapena chimanga chootcha. Ili ndi gawo loyamba, lomwe madokotala amalitcha gingivitis. Pagawoli matendawa amachira: mukamatsuka bwino kawiri patsiku, magazi amasiya pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Mukalekerera, litsiro lija limauma n'kukhala ngati mwala wachikasu kapena wakuda womwe mswachi sungachotse. Nkhama zimayamba kusiyana ndi dzino n'kupanga timatumba momwe tizilombo timabisala. Pang'onopang'ono fupa logwira dzino limadyeka. Ili ndi gawo lachiwiri, periodontitis. M'kamwa mumanunkha, nkhama zimatsika moti mano amaoneka aatali, nthawi zina mafinya amatuluka, kenako mano amagwedera n'kuguluka. Fupa lomwe ladyeka silibwerera, ngakhale chithandizo chimatha kuimitsa matendawa kuti asapitirire.

Choopsa chake n'chakuti matendawa sapweteka mpaka atakula. Dzino lobooka limakudzutsani usiku n'kukuthamangitsirani kuchipatala. Nkhama zimawonongeka mwakachetechete kwa zaka. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuchoka m'kamwa kukafika ku mtima

Akatswiri amafotokoza njira zitatu.

Yoyamba ndi tizilombo kulowa m'magazi. M'kati mwa timatumba ta nkhama tija muli zilonda zosaoneka. Kwa munthu amene matenda akula, akatswiri ena amayerekeza kuti zilondazo zitaphatikizidwa zikhoza kufanana ndi kukula kwa chikhatho. Bala lotero likanakhala pamwendo, palibe amene akanalisiya osamanga. Munthu akamatafuna kapena kutsuka mano, tizilombo timadutsira pazilondazi n'kulowa m'magazi. Nthawi zambiri chitetezo cha m'thupi chimatipha m'mphindi zochepa, koma ofufuza apezapo zizindikiro za tizilombo ta m'kamwa m'mafuta omwe amatseka mitsempha ya magazi.

Yachiwiri ndi kutupa. Thupi likamalimbana ndi tizilombo kwa zaka, limatulutsa timadzi ta nkhondo tomwe timazungulira m'magazi monse. Timadziti timakwiyitsa khungu lopyapyala la m'kati mwa mitsempha, ndipo pamalo okwiya ndi pomwe mafuta amayamba kumata. Mtsempha ukamachepa ndipo magazi akaundana pamenepo, ngati ndi wa ku mtima munthu amagwa ndi mtima, ngati ndi wa ku ubongo amadwala sitiroko n'kufa ziwalo.

Yachitatu ndi yakuti matenda awiriwa ali ndi adani ofanana: fodya, shuga wokwera m'magazi, kukula kwa msinkhu, kunenepa kwambiri ndi umphawi womwe umalepheretsa munthu kupita kuchipatala. Msodzi amene amasuta usiku wonse panyanja pothamangitsa tulo ndi kuzizira akuwononga nkhama ndi mitsempha pakamodzi. Njira yachitatuyi ndi yomwe imavutitsa ofufuza, chifukwa imachititsa kuti kukhale kovuta kudziwa ngati nkhama zikudwalitsa mtima, kapena ziwirizi zikungodwalira limodzi.

Kafukufuku wapeza chiyani?

Mu 1989 madokotala a ku Finland adaona kuti anthu omwe adagonekedwa m'chipatala atagwa ndi mtima anali ndi m'kamwa mowonongeka kuposa anzawo a msinkhu womwewo. Kuyambira pamenepo kafukufuku wachitika m'mayiko ambiri.

Ku Sweden, zotsatira zomwe zidatuluka mu 2016 zidayerekeza anthu 805 omwe adagwa ndi mtima koyamba ndi anthu ena 805 omwe sadadwalepo. Mwa odwalawo, 43 pa 100 alionse anali ndi matenda a nkhama a gawo lachiwiri, pomwe mwa osadwalawo anali 33. Atachotsera mbali ya fodya, shuga ndi zina, chiopsezo chidatsalabe chokwera ndi pafupifupi 28 peresenti.

Ku London, mu 2007, ofufuza adagawa pawiri anthu 120 odwala nkhama. Gulu lina adaliyeretsa kwambiri mpaka pansi pa nkhama, lina adangolipala pamwamba. Patatha miyezi 6, mitsempha ya gulu loyamba inkatambasuka bwino kuposa ya gulu lachiwiri. Mu 2019 kafukufuku wina wa anthu 101 othamanga magazi ku Poland adapeza kuti patatha miyezi iwiri, BP ya omwe adalandira chithandizo chokwanira cha nkhama inali yotsika ndi manambala pafupifupi 11 poyerekeza ndi anzawo.

Izi n'zolimbikitsa, koma tiziwerenga modekha. Mu 2012 bungwe la madokotala a mtima ku America la American Heart Association lidaunika umboni wonse n'kunena kuti ubale ulipo ndithu, ngakhale mutachotsera fodya ndi shuga, koma panalibe umboni wokwanira wakuti matenda a nkhama ndiwo amayambitsa kutsekeka kwa mitsempha, kapena kuti kuchiza nkhama kumateteza munthu kugwa ndi mtima. Mu 2020 akatswiri a nkhama a ku Ulaya pamodzi ndi bungwe la World Heart Federation adalangiza kuti odwala nkhama aziuzidwa kuti chiopsezo chawo cha matenda a mtima n'chokwera, ndipo odwala mtima aziunikidwa m'kamwa.

Tanthauzo lake kwa inu ndi ili. Wina akakuuzani kuti mankhwala ake otsukira m'kamwa amachiza mtima kapena amalowa m'malo mwa mapiritsi a BP, akukunamizani. Koma nkhama zotuluka magazi mwa munthu wamkulu ndi belu lokwanira kuti akayezetse BP ndi shuga, ndipo kusamala m'kamwa kulibe choipa chilichonse chomwe kungabweretse ku mtima.

Pomwe palibe kukayika: mwana wa mtima wowonongeka

Pali gulu limodzi la anthu lomwe ubale wa m'kamwa ndi mtima udatsimikizika kalekale, ndipo kuno kwathu ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata.

Mumtima muli tizitseko tinayi, mavavu, tomwe timatseguka ndi kutseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Mavavuwa amawonongeka ndi matenda otchedwa rheumatic heart disease. Amayamba ndi zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi kachilombo ka Streptococcus wa gulu A, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Zilondazo zikapanda kuchizidwa, mwa ana ena chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu mwana amatentha thupi, mfundo zimatupa ndi kupweteka, lero bondo, mawa chigongono, ndipo ena amagwedeza manja ndi nkhope mosadziletsa. Nthawi yomweyo chitetezocho chikuluma mavavu. Matendawa akamabwerezabwereza, mavavu amachita zipsera, amadontha kapena kupanikizika.

Padziko lonse anthu oposa 40 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa 300,000 amamwalira nawo chaka chilichonse, ambiri m'mayiko osauka. Ku Lilongwe, kafukufuku yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2016 adaunika mitima ya ana 1,450 ndi makina ndipo adapeza zizindikiro za matendawa mwa ana pafupifupi atatu pa 100 alionse. Matendawa amakonda pomwe anthu amagona mothithikana komanso pomwe zilonda zapakhosi zimangochizidwa ndi madzi a mandimu ndi panado.

Tsono apa ndi pomwe nkhama zimalowa. Kachilombo ka pakhosi ndi kosiyana ndi tizilombo ta chiseyeye. Koma vavu ikakhala ndi zipsera imakhala ngati ukonde wong'ambika womwe umakola zinyalala. Tizilombo ta m'kamwa tikalowa m'magazi kudzera m'nkhama zazilonda timatha kumata pavavupo n'kuswana. Matendawa amatchedwa endocarditis. Munthu amatentha thupi kwa masabata, amatuluka thukuta usiku, amaonda ndi kufooka. Kuyeza malungo sikuonetsa kanthu, ndipo ena amaganiziridwa TB. Chithandizo chake ndi mankhwala a m'mitsempha kwa sabata 4 mpaka 6 ali chigonere m'chipatala, ndipo akapanda kuthandizidwa amamwalira. Chiopsezo chomwechi chili pa ana obadwa ndi vuto la mtima komanso anthu omwe adaikidwa vavu yochita kupanga.

N'chifukwa chake madokotala amafuna kuti munthu aunikidwe ndi kukonzedwa m'kamwa asanachitidwe opaleshoni ya vavu. Opaleshoni yotero ndi yodula, ndipo Amalawi ambiri oifuna akhala akudikira kutumizidwa kunja, makamaka ku India. Mswachi ndi jakisoni wa penisilini ndi zotsika mtengo kutalitali.

Ngati mwana wanu adapezeka kale ndi matendawa, jakisoni wa benzathine penicillin wa sabata zitatu kapena zinayi zilizonse asadumphe, ngakhale mwanayo akuoneka bwino, ngakhale ndi nyengo ya mvula ndipo ulendo ndi wovuta. Amabayitsa kwa zaka zambiri, ndipo woimitsa ndi dokotala yekha. Ku Gulu m'dziko la Uganda, kafukufuku yemwe adatuluka mu 2021 adatsatira kwa zaka ziwiri ana omwe matendawa anali atangoyamba. Mwa omwe ankabayitsa, osakwana mmodzi pa 100 ndi omwe matenda adakula, pomwe mwa osabayitsa anali 8 pa 100. Mwana woteroyo asazulidwe dzino kunyumba kapena pamsika. Mukapita naye kwa a mano, onetsani buku lake la kuchipatala ndipo nenani poyambirira kuti ali ndi vuto la mtima, kuti aone ngati akufunika mankhwala asanamugwire.

BP, shuga, pakati ndi mankhwala ena

Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 adapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Pafupifupi 6 pa 100 anali ndi shuga. Matendawa sali a m'tauni okha. Alipo pakati pa asodzi, amayi ogulitsa usipa ndi ogwira ntchito m'malo ogona alendo.

Shuga ndi nkhama zimakokana mbali zonse ziwiri. Shuga akakwera, nkhama zimadwala msanga ndipo zimachedwa kupola. Nkhama zikadwala, shuga amavuta kutsika. Kafukufuku wambiri ataphatikizidwa adaonetsa kuti kuyeretsa nkhama kumatsitsa pang'ono mlingo wa shuga wa miyezi itatu. Popeza shuga amawononga mitsempha ya mtima, impso ndi maso, phindu laling'onolo si lonyozeka. Munthu wa zaka za m'ma 30 kapena 40 amene mano akugwedera, akumva ludzu kwambiri ndiponso akukodza pafupipafupi usiku, akayezetse shuga.

Amayi oyembekezera ambiri amatupa nkhama chifukwa cha kusintha kwa m'thupi. Mawu akuti mwana aliyense amadya dzino limodzi la mayi ake si oona: mwana satenga kashiamu m'mano a mayi. Chomwe chimachitika n'chakuti nkhama zikamatuluka magazi, kapena mswachi ukamachititsa nseru, mayi amasiya kutsuka. Pitirizani kutsuka, ndipo nenani kusikelo. Kuyeretsa mano kuchipatala n'kololedwa pa nthawi ya pakati. Mayi amene ali ndi vuto la mavavu anene pa ulendo woyamba wa kusikelo, chifukwa pakati pamalemetsa mtima.

Mankhwala ena a BP, monga amlodipine ndi nifedipine, komanso phenytoin wa khunyu, amakulitsa nkhama mwa anthu ena mpaka kuphimba mbali ya dzino. Musasiye kumwa mwa inu nokha. Kauzeni amene amakulemberani mankhwala, chifukwa akhoza kukusinthirani. Omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin ndi asipirini, anene asanazulidwe dzino, ndipo asasiye kumwa popanda dokotala.

Fodya ali ndi chinyengo chake. Amafinya timitsempha ta m'nkhama moti wosuta satuluka magazi kwambiri ngakhale fupa likudyeka. Amadzazindikira mano akugwedera kale. Fodya woika kukamwa naye amawononga nkhama pomwe amakhalapo.

Mwa anthu omwe chitetezo chawo chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV mwandondomeko, ndi mwa ana onyentchera, nkhama zimatha kuola mofulumira, ndi ululu komanso fungo lamphamvu. Mwa ana aang'ono zimenezi zikhoza kukula n'kukhala noma, matenda odya tsaya ndi milomo, omwe WHO idawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023. Mwana wotero apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kodi thandizo lilipo?

Apa ndi pomwe ndondomeko ya boma iyesedwe. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Nthawi imeneyo dziko lonse linali ndi madokotala a mano osafika 50, ambiri ali m'mizinda ndipo onse ataphunzira kunja. Ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma amaigwira ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Popeza anthu amafika dzino litawola kale, ntchito yawo yambiri imakhala kuzula.

Mu 2019 sukulu ya College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow komanso boma la Scotland, ndipo oyamba adamaliza mu 2025. Ndi chiyambi chabwino, koma padzatenga zaka kuti chiwerengerocho chimveke kumidzi. Kwa munthu wa ku Nkopola, chipatala chachikulu cha boma chili pa mtunda wa makilomita oposa 20, ndipo ndalama ya minibasi kapena kabaza yopita ndi kubwera imapikisana ndi ya ufa. Munthu sawononga ndalama imeneyo chifukwa cha nkhama zosapweteka.

Ku mbali ya mtima, ndondomeko ya PEN-Plus, yomwe kuno idayambira ku Neno ndipo mayiko a mu Africa adaivomereza mu 2022, ikufuna kuti matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo a mavavu, azithandizidwa m'zipatala za m'maboma, wodwala asamachite kupita ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre. Chomwe chikufunika n'chakuti mbali ziwirizi zilumikizane. Wodwala BP kapena shuga akabwera kukiliniki mwezi ndi mwezi, kumufunsa ngati nkhama zikutuluka magazi ndi kumuyang'ana m'kamwa sikutenga mphindi imodzi. Wobwera kudzazulitsa dzino naye angayezedwe BP ali pamzere. Zimenezi sizifuna nyumba yatsopano. Makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi a pachipatala ali ndi ufulu wozipempha pamisonkhano yawo.

Palinso nkhani ya mtengo. Mu 2021 WHO idaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri. Koma katundu akamakwera, banja limasiya kugula kolugeti lisanasiye kugula mchere ndi sopo. Ndondomeko yabwino iyenera kuyang'ananso mtengo wa chubu pagolosale ya pamudzi.

Zochita pakhomo

Tsukani mano kawiri patsiku, mphindi ziwiri nthawi iliyonse, ndipo ya usiku musanagone ndiyo yofunika koposa, chifukwa malovu amachepa munthu akagona. Lozetsani mswachi pamalire a dzino ndi nkhama, n'kumazunguza pang'onopang'ono, kunja, m'kati ndi pamwamba. Magazi akatuluka, musasiye. Pamenepo ndi pomwe pakufunika kutsuka. Akapitirira sabata ziwiri, pitani kuchipatala.

Sankhani mswachi wofewa, ndipo musinthe pakatha miyezi itatu kapena ukanyenyeka. Aliyense akhale ndi wake. Kamtengo ka mswachi, komwe mabanja ambiri kuno, makamaka achisilamu, amagwiritsa ntchito, kamachotsa litsiro bwino mukakagwiritsa ntchito modekha pa dzino lililonse, kuphatikizapo a kumbuyo ndi mbali ya lilime. Dulani nsonga yakale kawirikawiri. Mchenga, makala ndi phulusa zimapala mano ndi kucheka nkhama. Zisiyeni.

Mankhwala otsukira akhale a fluoride. Mwana wosakwana zaka 3 mumuikire kochepa ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati njere ya nsawawa. Mukatha, lavulani osachukucha ndi madzi kuti mankhwala atsale pamano. Yambani dzino loyamba likangomera, ndipo muthandizeni mwana mpaka zaka 7 kapena 8. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Pa chakudya, nyanja ndi mitengo yathu zidatikondera. Usipa wodyera limodzi ndi minga umapereka kashiamu. Mango, magwafa, malambe ndi masamba zimapereka vitamini C, yemwe kusowa kwake kumachititsanso nkhama kutuluka magazi. Chenjerani ndi shuga wa mu tiyi, masiwiti, zakumwa za m'mabotolo ndi mafilizesi, makamaka mwana akamadya pang'onopang'ono tsiku lonse. Chenjeraninso ndi mchere: WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mu ndiwo zonse. Nsomba ikakhala yothiridwa kale mchere, musawonjezere.

Mwana akadandaula pakhosi, ali ndi kutentha thupi, timitsempha ta m'khosi tatupa koma alibe chifuwa kapena chimfine, pitani naye kuchipatala. Akapatsidwa jakisoni mmodzi wa penisilini kapena mapiritsi a masiku 10, amalize onse. Makapisozi awiri ogula pagolosale sakwanira.

Kwa inu mavolontiya

Mukamayendera makomo kapena kukumana ndi amayi kusikelo, wonjezerani mafunso atatu. Kodi pakhomo pano alipo amene nkhama zimatuluka magazi kapena mano akugwedera? Kodi alipo mwana amene amadwaladwala zilonda zapakhosi, kutupa mfundo, kapena kubanika akamasewera? Kodi akuluakulu adayezetsa liti BP?

Lembani mayina a ana omwe ali pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi m'dera lanu, ndipo gwirizanani ndi mlangizi wa zaumoyo kuti amene wadumpha atsatiridwe sabata yomweyo. Asodzi ndi alovi sapezeka pakhomo masana, choncho apezeni padoko pomwe akusoka maukonde. Pemphani mashehe, abusa ndi aphunzitsi kuti akupatseni mphindi zochepa, makamaka pa 20 March, tsiku la umoyo wa m'kamwa, ndi pa 29 September, tsiku la mtima.

Tumizani kuchipatala mosachedwa munthu amene watupa nkhope kapena pansi pa chibwano ndipo akuvutika kumeza kapena kupuma, wodwala mtima amene watentha thupi masiku angapo koma malungo sanapezeke, amene akumva kupanikizika pachifuwa, ndiponso amene pakamwa papotoka, dzanja lafooka kapena mawu akusokonekera mwadzidzidzi. Ngati nkhama zikutuluka magazi zokha pamodzi ndi kamfuno kapena mabala a pakhungu, vuto likhoza kukhala m'magazi, ndipo likufunika kuyezedwa.

Ofufuza apitiriza kufunafuna yankho lomaliza pa nkhani ya mitsempha yotsekeka. Inu simukufunika kulidikira. Usiku uno, musanagone, itanani ana, yang'anani nkhama zawo ndi tochi, kenako mutsuke nawo limodzi. Mukaona magazi pa mswachi wanu, sabata ino kayezetseni BP ndi shuga.